Mayi wa Lichero Asawongoledwe Khosi

Ndinayamba kudandaula za nkhaniyi Lamulungu lotsatira Khrisimasi, chaka cha masankho achiwiri a matipate. Tsiku limenelo ndinalankhula pakamwa, pakhonde la tchalitchi chathu, pamaso pa apampando a komiti. Nditaona kuti mawuwo angouluka, ndinalemba kalata m'nyengo ya Lenti, ndipo kuyambira pamenepo sipanadutse chaka ndisanalembe. Makope a kaboni ali m'sutikesi yanga, pamodzi ndi ziphaso za ubatizo wa ana, makadi awo a kusikelo, ndi mapepala a ku Limbe kumene ndinagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma. Ine sinditaya pepala.

Koma m'sutikesi yonseyo mulibe chithunzi cha malemu akazi anga. Sanajambulitsepo. Ankati munthu wa pa chithunzi amaoneka ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'manja. Chifaniziro chawo chokha chimene chilipo ndi chiboliboli cha mtengo wa mbawa, chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika ku zala. Pamene ndikulemba pano chili m'chipinda chosungira katundu kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi sowo ndi chitini cha guluu, ndipo pali munthu amene akungodikira mawu a komiti kuti achidule khosi.

Tchalitchi chathu ndi chaching'ono, chili m'njira yopita ku Namitambo, ndipo ansembe amafikako mwa apo ndi apo. Chimene tinali nacho choposa anzathu onse chinali khola la Khrisimasi, ndipo analisema ndi mmisiri wa m'mudzi mwathu momwemo. Agogo awo anachokera ku Mozambiki monga agogo a ambirife. Ankadyera mipini ya makasu, mitondo, misi ndi mipando, zomwe ankagulitsa pa tsiku la msika. Sanali munthu wodzichepetsa ayi. Mpini wawo ukathyoka ankati wolimayo ndiye wopindika. Ine ankanditchula kuti a Kalaliki, ndipo akazi anga ankawaitana alamu, ngakhale panalibe chibale, chifukwa chongofuna powachitira chipongwe.

Poyamba m'kholamo munali Maria, Yosefe, Mwana, bulu ndi nkhosa basi. Chaka china amisiriwo anawonjezera m'busa, ndipo anthu atangomuona anayamba kukodolana. M'busayo anali ndi phewa limodzi lotsika, ngati bambo wina amene ankatiimbira belu, amene tinali titamuika chaka chomwecho. Phewalo linatsika chifukwa cha zaka zambiri zomenya limu ya galimoto ndi chitsulo cholemera. Mkazi wake analira, kenako anaseka, kenako anakagwada pafupi. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Chaka chilichonse m'khola munkalowa munthu mmodzi mwa amene atisiya.

Panali malamulo ake, ngakhale palibe amene anawalemba. Wamoyo sasemedwa, chifukwa kutero n'kumuitanira manda. Womwalira sasemedwa achibale asanamete. Ndipo amisiriwo sankafunsa za mphuno kapena maso. Ankapita kwa amene ankalima naye, kwa amayi a kuchitsime, kwa amene ankakangana naye malire a munda, n'kumafunsa kuti munthuyo ankaima bwanji akakwiya, khasu ankalisenza phewa liti, akamaseka manja ankawaika pati. Akamva zokwanira ankatenga kasemasema ndi mpeni, n'kumalizira ndi phale la botolo ndi mafuta a nsatsi. Sankasalaza paliponse. Pena ankasiya mapazi a kasemasema dala, ndipo ukaima patali mapaziwo ankasanduka ndevu kapena maluwa a chitenje.

Akazi anga anamwalira chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Titameta, amisiriwo anabwera kunyumba, anakhala pa mpando umene anandigulitsa okha, n'kuugwedeza kaye kuti aone ngati ndimausamala.

"A Kalaliki, alamu anga aja ankaima bwanji?"

"Ankaima ngati mmene aimira munthu aliyense," ndinayankha.

"Ndiye kuti munakwatira bulugamu. Akamakumverani mabodza anu a ku Limbe, ankakumverani ataima chilili ngati msilikali?"

Ndinawauza kuti sindinena mabodza, ndipo ngati akufuna umboni mapepala alipo.

"Mapepalawo sungani, mudzakulungire fodya. Ine ndikupita kwa azichemwali awo."

Anapitadi. Anakhala masiku akucheza ndi azilamu anga, akuwathandiza kusola nandolo, ndipo ndinkamva kuseka kuchokera kutsidya kwa mpanda. Ndinakwiya pang'ono, poti m'nyumba mwanga munali mudakali chete. Pa Khrisimasi ndinalowa m'tchalitchi n'kuyang'ana m'khola. Kumbuyo kwa abusa kunali mayi atanyamula lichero la nandolo m'chiuno, osati pamutu. M'mbali mwa maso munali timphini titatu. Khosi linali litapendekera mbali imodzi, khutu lamanzere lili kwa Mwana. Akazi anga sankamva bwino khutu lamanja kuyambira ali mtsikana, ndipo aliyense wolankhula nawo ankamupatsa lamanzere, mutu utapendekera choncho, ngati akumva nkhani yokoma imene sakufuna iwaphonye. Ine ndinali nditazolowera mpaka kusiya kuziona. Mtengo uja unandibwezera.

Anthu anangomutcha mayi wa lichero. Zidzukulu zanga zobadwa pambuyo pake zinawadziwa agogo awo kudzera m'kholamo, ndipo kamtsikana kena kanayamba kupendeketsa mutu pomvetsera, makutu ake onse ali abwinobwino.

Khola latsopano linabwera ndi mwana wa mumpingo mwathu amene amagwira ntchito ku Joni. Inali mphatso, yoperekedwa ndi mtima wabwino, ndipo sindinamunenepo choipa m'kalata iliyonse. Linabwera m'katoni, chiboliboli chilichonse chili m'kamphako kake ka thonje. Atatsegula, amayi analuluta. Inenso ndinachita chidwi, sindibisa. Zinali zosalala ngati dzira, zopepuka, mafumu a kum'mawa atavala zagolide, bulu ali ndi ubweya woti ungawerenge. Ine si mdani wa makina. Ndinaona chigayo chikupumitsa msana wa akazi anga. Ndinagwiritsa ntchito makina a taipi zaka zambiri, ndipo ndimadziwa kukoma kwa chilembo chimene chimatuluka chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Ndowa ya pulasitiki yapulumutsa makosi ambiri m'mudzi muno.

Amene anasangalala kuposa tonse anali amisiri aja. Anatenga Yosefe watsopanoyo, anamutembenuza, anamununkhiza, anayendetsa chikhadabo pa kamzere kochokera kumutu mpaka kuphazi.

"Mwaona apa, a Kalaliki? Ichi n'chikombole. Amuumba ngati njerwa."

Ndinawauza zimene ndinamva pa wailesi, kuti kunja kuli maloboti, makina okhala ndi mikono, amene amapanga zinthu okha popanda munthu wogwira.

"Sadya?"

"Sadya."

"Sapita kumaliro?"

"Ayi."

"Sakhala ndi apongozi?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo ndiye mmisiri. Ine moyo wanga wonse ndayesa kusema mipini iwiri yofanana, yandikana. Uyu akutulutsa Yosefe m'mawa, Yosefe masana, Yosefe madzulo, ndevu osaphonya ngakhale imodzi. Ndamuvulira chipewa." Anabweza Yosefe, natenga m'busa, namuyang'ana kuphazi. "Koma m'busa uyu sanapondepo ndowe. Mukakumana nalo loboti lanulo mulifunse kuti mnyamatayu kwawo n'kuti."

Ankanena zoona mbali zonse ziwiri, ndipo sankaona kuti pali mkangano. Ankaganiza kuti atsopanowo aima kutsogolo, akale aima kumbuyo, monga zimakhalira alendo akabwera. Inenso ndinaganiza choncho. Koma pa Khrisimasi tinapeza m'khola muli atsopano okhaokha. Akale onse anali m'thumba la feteleza kuseri.

Ndiyenera kufotokoza mtima wa anthu akwathu, chifukwa si oipa. Ife timakonda kufanana. Pa ukwati mbali yonse imagula nsalu imodzi. Kwaya yopanda yunifolomu imaimba mwamanyazi ngakhale mawu atakoma. Chinthu cha m'sitolo chimene chili ndi chinzake ku Limbe chimatiuza kuti sitinatsalire. Kwaya yathu itapita kukaimba ku tchalitchi china cha ku Mbulumbuzi, inakapeza khola lofanana ndi lathu mpaka bulu, ndipo inabwerako ikunyadira kuti tsopano tili ngati anzathu. Chosema pamanja, kwa ambiri, ndi chimene munthu amagwiritsa ntchito podikira kuti apeze chenicheni. Ndimamvetsa. Munthu amene wakula akumwera chipanda sangaone ulemu wa chipanda tsiku limene walandira kapu. Chimene ndinkakana, ndipo ndikukanabe, n'chakuti anthu athu omwalira ayesedwe chipanda.

Apampando a komiti ndi mlimi wakhama, munthu woti mvula ikagwetsa denga la tchalitchi amayamba ndi iye kukwera. Akandiona ndikubwera amayamba kuseka ndili patali.

"Akamwini, mwabweranso ndi envulopu?"

"Ndabwera nayo, ndipo musaine apa kuti mwalandira."

"Zaka zonsezi m'mudzi mwa eni, simunaphunzire kuti mkamwini amalankhula motsitsa?"

"Amene anandibweretsa m'mudzi muno mwawaika m'thumba la feteleza. Ndilankhula mpaka muwatulutse."

Ankasaina, n'kuika kalatayo m'thumba la malaya. Chaka cha njala ndinalemba mwachidule, poti aliyense anali ndi zomulemera, koma ndinalemba. Zaka zinapita. Mwana wanga wamkazi anandiuza kuti, "Bambo, kiyi wa kuseri amakhala pa msomali. Ingowatengani amayi muwaike m'jekete, ndani angakufunseni?" Ndinakana. Sindinatengepo chinthu cha gulu popanda kusainira, ndipo sindiyamba ndi akazi anga. Komanso ansembe anawadalitsa kuti akhale m'khola. Khutu lija amisiri analipendeketsera kwa Mwana, osati ku sutikesi yanga.

Chaka chino, nandolo atayamba kuuma, apampando anandiimitsa panjira ali pa njinga, nkhope ili mwee. Anati komiti yamva kulira kwanga, ndipo akale aja abwerera m'khola. Anangowonjezera kuti ayamba awakonza kaye kuti asachite manyazi pafupi ndi atsopano. Mawu oti kukonza ndinawamva ngati kupukuta fumbi ndi kupaka mafuta a nsatsi. Ndinawathokoza, ndipo kalata yothokozayo kope lake ndili nalo.

Ntchitoyo anaipereka kwa bambo wina amene amapenta zitseko ndi mawindo a tchalitchi. Ndi mkamwini mnzanga, koma wobwera posachedwa, ndipo mwa anthu a m'thumba lija sanaonepo ndi mmodzi yemwe ali moyo. Ndi waluso, ndipo ndikunena izi mosanyinyirika. Mzere wake wa penti sukhota. Anaika atsopanowo patsogolo pake ngati chitsanzo, n'kuyamba ndi abusa atatu.

Lamulungu lina titaweruka anatiitana kuseri kuti tikaone. Abusa atatuwo anali pa tebulo, akunyezimira. Anali atawakwecha ndi sandipepala mpaka mapazi onse a kasemasema kutha, n'kuwapaka nkhope zofiirira ndi mikanjo ya buluu wotsala ku zitseko. Sizinathere pa penti. Wopentayo anatifotokozera monyadira kuti anapeza zolakwika zambiri ndipo wazikonza. M'busa wina anali ndi phewa lotsika, ndiye anapala linalo kuti alingane. Wina anali ndi zala zitatu ku dzanja lamanja, ndiye anamuumbira ziwiri ndi pate wa mawindo. Wachitatu anali ndi phazi lokhotera mkati, ndiye analidula n'kulilumikiza bwino.

Wa zala zitatuyo anali bambo amene lamba wa chigayo anamudya dzanja, ndipo ankachita chizindikiro cha mtanda ndi zala zotsalazo moyo wake wonse. Wa phazi lokhota anali mphunzitsi wa katekisimu amene anayenda ndi phazi limenelo midzi yonse ya kuno.

Mkazi wa woimba belu uja, amene tsopano ndi wokalamba kwambiri, anayandikira tebulo ndi ndodo yake. Anayang'ana woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kubwereranso.

"Nanga amuna anga ndi ati apa?"

Wopentayo anayang'ana apampando, apampando anayang'ana pansi.

Amisiri aja analipo. Masiku ano ng'ala yawatseka maso, ndipo amayenda atagwira phewa la mwana wawo wamkazi. Anapempha kuti awapatse abusawo m'manja. Anayendetsa zala pa mapewa, pa dzanja, pa phazi, pang'onopang'ono.

"Eee, awachiritsa," anatero. "Zimene analephera madokotala, mkamwini wazitha ndi pate. Bwerani kuno, achimwene, ndikugwireni dzanja. Kusalaza mumatha, ngakhale loboti la a Kalaliki lingakulembeni ganyu."

Wopentayo anamwetulira, osadziwa ngati akuyamikiridwa. Mwina ankayamikiridwadi, chifukwa amisiriwo sanyoza ntchito yaukhondo. Koma sanawabwezere mayi wokalambayo m'busa aliyense. Anangoti, "Amayi, pepani, inenso sindikuwapeza."

Apampando anafunsa motsitsa ngati sangasemenso ena.

"Ndi maso ati? Ndipo ngakhale maso akanakhalapo, ndikafunsa ndani? Amene ankandiuza mmene anthuwa ankaimira ambiri ali kumanda komweko. Ine si chikombole, apampando. Chimene ndinatulutsa kamodzi chinatuluka kamodzi."

Pamenepo wopentayo, pofuna kuonetsa kuti ntchito yotsala si yambiri, anapisa m'thumba n'kutulutsa akazi anga. Anali ndi fumbi, koma chiswe sichinawakhudze, poti mbawa ndi mbawa. Timphini tonse tinalipo.

"Uyu yekha ndiye wovuta," anatero. "Khosi linapindika kwambiri. Koma ndaliona, ndikadula apa ndi sowo n'kuika guluu, liwongoka bwinobwino. Timabala ta kumasoti pate atseka."

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, ndipo kupatula tsiku loyamba lija la pakhonde, ndi nthawi yokhayo pa nkhaniyi imene ndilibe kope la mawu anga. Anthu amati ndinagwira dzanja la wopentayo ndi manja awiri. Chimene ndikukumbuka n'chakuti amisiriwo anatambasula manja, anawalandira akazi anga, anafufuza mutu ndi chala mpaka anapeza khutu lamanzere, n'kuliyandikiza pakamwa pawo.

"Alamu, mukumva? Akuti akuwongoleni khosi. Amuna anu analephera zaka zonse zija, koma kwabwera wina ndi sowo."

Amayi ena anaseka, ena anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Apampando anati ntchito iyambe yaima mpaka komiti ikumane. Koma si onse anagwirizana nazo. Ndinamva ndi makutu anga wina wa m'komiti akunena kuti atatu apakidwa kale, ndiye otsalawo akapanda kupakidwa khola lidzaoneka ngati msika, ena ovala ena osavala. Anati tingomaliza kuti zonse zifanane.

Kuyambira tsiku limenelo komiti yakumana, koma za nkhaniyi sindinauzidwe kanthu. Mvula yoyamba yagwa, anthu abzala, Adventi ali pafupi. Dzulo ndinadutsa kuseri kwa tchalitchi n'kusuzumira pawindo. Thumba lili pomwe linali. Sowo ili pa tebulo.

Sindikupempha kuti khola la ku Joni lichotsedwe. Ndi lokongola, ana amalikonda, ndipo amene anatipatsa anatikumbuka ali kutali. Likasweka, kuli kwina kumene kuli linzake lofanana nalo, ndipo zimenezo ndi nzeru zoyenera kuzilemekeza. Sindikupempha kuti wopenta adzudzulidwe, poti anakonza zimene anaziona ngati zolakwika, ndipo palibe anamuuza kuti ndi anthu. Za abusa atatu aja sindipemphanso kanthu, chifukwa chimene sandipepala yadya sichibwerera.

Choncho ine, mkhristu wa tchalitchi chino ndiponso mwamuna wa malemu amene anthu amawatcha mayi wa lichero, ndikupempha komiti mwaulemu kuti igamule kuti ziboliboli zotsala m'thumba zisakhudzidwe ndi sowo, sandipepala, pate kapena penti, ndi kuti pa Khrisimasi ikubwerayi akazi anga aimikidwe m'khola monga anasemedwera, khutu lamanzere lili kwa Mwana. Ndikupemphanso kuti yankho la nkhaniyi lindipeze molemba, losainidwa ndi apampando, Lamulungu loyamba la Adventi lisanafike.